Mwatitha Sakufika Kwawo

Sendererani kuno, ndipo wina aponyepo zitsononkho pamotopo. Nkhani iyi siyenda bwino moto ukamazilala. Ine ndinaimva kwa Binisoni, mlamu wake wa mwini nkhaniyo, ndipo Binisoni sanali munthu wokometsera zimene waona.

Ku Linthipe kunali mphunzitsi wina wopuma ntchito, dzina lake Yokoniya Msampha. Anali wamtali, wowonda, magalasi ake omanga ndi ulusi mbali imodzi. Loweruka lililonse nkhani yake inkatuluka pa tsamba la Chichewa m'nyuzipepala ina ya ku Blantyre, ndipo inali itatuluka zaka khumi ndi zinayi osaphonya. Ankailemba pamanja m'makope a ana asukulu, n'kukaiponya papositi Lolemba m'mawa. Mutu wake unali "Ulendo wa Mwatitha."

Nkhaniyo sinali yovuta kumva. Mwatitha anali mayi amene ananyamuka wapansi, kamtolo pamutu, kubwerera kumudzi kwa amayi ake. Basi. Koma njira yakeyo, abale! Sabata ino mlatho wakokoloka, sabata inayo wasochera m'minda ya fodya, inayo wapeza maliro panjira ndipo sangadutse osakhala nawo pansi. Anthu ankalandana nyuzi m'mabasi. Azimayi ogulitsa mbatata pamsewu ankauza ana awo kuti awawerengere mokweza, moti Loweruka likafika dzina la Mwatitha linkamveka kuyambira ku Nsanje mpaka ku Karonga.

Chimene owerengawo sankadziwa n'chakuti Mwatitha anali munthu weniweni. Anali mkazi wa Yokoniya, ndipo anamwalira kutatsala mwezi umodzi kuti nkhaniyo iyambe kutuluka. Pamudzi ankadziwika kuti Nangondo. Loti Mwatithalo linali dzina la paubwana, lija mtsikana amalisiya kutsimba akavinidwa, wina osadzalitchulanso. Iye anangomunong'oneza mwamuna wake kamodzi ali achinyamata, akuseka, n'kumulumbiritsa kuti lisadzatuluke pakamwa pake. Pakamwa silinatulukedi. Linatulukira kucholembera.

Chaka choyamba chomwecho Binisoni, mlongo wake wa malemuyo, anafika pakhomo nyuzi ili m'manja.

"Alamu, n'chiyani chimenechi?" anafunsa asanakhale n'komwe pansi. "Dzina ili linatsala kutsimba. Ine mlongo wake sindilitchula. Inu mwalipereka kudziko lonse kuti azilitafuna ngati nzimbe?"

"Ndi nkhani yopeka, alamu," anatero Yokoniya. "A Mwatitha alipo ambiri."

"Nanga kumeta kwachiwiri kuja? Mowa tinafulula, abale anabwera, inu osaoneka. Mukudziwa bwino kuti womwalira safika kwa makolo ake mwamuna wake asanamete."

"Ndinali ndi gawo loti ndimalize."

Binisoni anaika nyuziyo pakhonde, n'kumapita. Kuyambira tsiku limenelo ankangopatsana moni wa panjira.

Musamuweruze msanga munthuyu. Banja lawo linalibe mwana wamoyo. Awiri amene anabadwa anapita asanamere mano. Ndiye Nangondo atatsikira kulichete, m'nyumbamo munatsala Yokoniya, wailesi yakufa ndi mpando wachiwiri wopanda wokhalapo. Koma akangokhala pathebulo n'kulemba kuti "Mwatitha anati," mawu a mkazi wake ankabwera okha. Kaseke kake kankabwera, kudandaula kwake za bondo lakumanzere kunkabweranso. Mwa njira imeneyi sabata iliyonse ankacheza naye masiku atatu. Kumufikitsa kwawo kukanakhala kumuika m'manda kachiwiri, ndipo mtima wake unkakaniratu zimenezo.

Zaka zoyambirira makalata a owerenga anali oyamikira okhaokha. Koma ngakhale uchi umakola. Pofika chaka chakhumi anthu anayamba kung'ung'udza, ndipo mkonzi wa nyuziyo, a Makhumula, anamupatsa Yokoniya kabokosi pansi pa nkhani, kamutu kake "Mlembi Akuyankha." Eee, m'menemo ndiye munthu ankaonetsa kuti anagwira choko zaka makumi atatu!

Mayi wina wa ku Mchinji analemba kuti: "A Msampha, kodi kwawo kwa Mwatitha ndi kumwezi? Ndinayamba kuwerenga ndili mbeta, pano mwana wanga woyamba ali Sitandade 7, mayiyu sanafikebe." Yokoniya anayankha kuti: "Mayi, limbikirani kuti mwanayo akhoze mayeso. Za ulendo musiyire eni ake."

Dalaivala wina wa lole analemba kuti: "Tandiuzani pamene ali ndikamutenge, ndamumvera chisoni." Yankho linali lalifupi: "Mwatitha sakwera matola."

Mphunzitsi mnzake wa ku Kasungu anachita kuwerengera kuti Mwatitha wawoloka mtsinje wa Bua katatu. Yokoniya anamufunsa ngati kusukulu kwawoko sanaphunzire kuti mtsinje umakhota. Anthu ankaseka, ena ankakwiya n'kulembanso, iye n'kuwabwezera zowawa kuposa zoyambazo. Ankati mutu ukakula sulewa nkhonya, koma kunena zoona nkhonyazo ankazikonda, chifukwa aliyense womuuza kuti amalize nkhaniyo ankamuona ngati mdani wofuna kumulanda mkazi.

Zinthu zinayamba mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Yokoniya anapita kupositi monga mwa masiku onse, ndipo Mayi Jere, amene ankagwira ntchito pamenepo, anamupatsa makalata ake. Imodzi anaigwira ndi zala ziwiri, patali ndi thupi lawo.

"Iyi ndaipeza pansi pa thumba," anatero. "Sitampa ilibe, chidindo ilibe, koma dzina ndi lanu. Ndipo onani, ndi yonyowa. Mvula yake iti mwezi uno?"

Envulopuyo inalidi yachinyezi, ndipo inkanunkha dothi la pansi, lija lofukula kumene. Anaitsegulira panja. Zilembo zake zinali zikuluzikulu, zopendekera, za munthu amene anaphunzira kulemba atakula kusukulu ya kwacha. Mawu ake anali ochepa: "Aphunzitsi anga, miyendo yatopa. Ndifikitseni."

Anthu onse a ku Linthipe ankamutcha aphunzitsi. Koma woonjezera kuti "anga" analipo mmodzi yekha, ndipo ameneyo anamuphunzitsa kugwira pensulo ndi iye mwini. Mantha anamugwira. Kenako mantha aja anasanduka mkwiyo. Anati ameneyu ndi Binisoni, wapeza mayi wina woti amulembere. Sabata imeneyo anayankha m'kabokosi kaja kuti: "Kwa inu opanda dzina: ngati miyendo yatopa, khalani pansi. Mwatitha wanga satopa." Ndipo pofuna kukhaulitsa wolembayo, gawo limenelo anamudutsitsa Mwatitha palupsa, moto utangozima kumene, kenako m'chitsamba cha minga cha lunguzi.

Lamlungu m'mawa, nyuzi itatuluka dzulo lake, anapita kuseri kukasamba m'maso. Beseni limene analisiya chovundikira analipeza chagada, muli madzi. Madziwo anali bii, ngati wina watsukiramo mapazi ochoka paphulusa, ndipo pamwamba pake pankayandama timinga. Anayang'ana uku ndi uku. Pabwalo panali posesa bwino, popanda phazi la munthu. Anataya madziwo n'kunena mokweza kuti anthu a masiku ano alibe mwambo, koma panalibe womumva.

Lachiwiri anakoka sutikesi ya malemuyo pansi pa bedi kuti aiyanike chifukwa cha njenjete. Zonse zinalimo, zitenje, duku, buku la nyimbo, koma nsapato munalibe. Zinali nsapato zapulasitiki zija tinkati sofiya, zimene Nangondo anavala kawiri kokha popita kutchalitchi. Loko wa sutikesiyo anali wosathyoka, ndipo kiyi ankayenda naye m'thumba.

Kenako kunayamba phokoso. Chakumadzulo, nkhuku zikulowa, ankamva kuseri kwa khoma munthu akutula katundu. Mukudziwa mmene amachitira mayi wochokera kunkhuni: kaye mtolo kuti dii, kenako mpweya wautali, fuuu. Pakapita kanthawi ankamva akusenzanso, nsapato n'kumakhwekhwereza kulowera kumsewu. Akatuluka kuti aone, kunali zii. Galu wake, amene ankauwa ngakhale gulugufe, ankangolowa pansi pa nkhokwe mchira uli pakati pa miyendo. Tsiku lachinayi m'mawa anapeza nsapato imodzi pakhonde, yakumanzere, chidendene chake chitatha mpaka kubowoka.

Lolemba linalo, dzuwa lili paliwombo, anali panjira ya kupositi ndi gawo latsopano m'manja. Kutsogolo kwake kunali mayi wina, kamtolo pamutu, akutsimphina mwendo wakumanzere. Yokoniya anafulumira kuti amupeze, koma mtunda wa pakati pawo sunkachepa. Anachepetsa liwiro, mayiyo sanatalikirenso. Nkhope sankaiona, ankangoona msana ndi fumbi m'miyendo. Kutsogoloko kunatulukira mkulu wina wa njinga ya makala. Atafika pamene panali mayiyo, njinga inakhota yokha mpaka kutsala pang'ono kugwera m'ngalande.

"Achimwene, mwamuona bwino mayi mwamulambalalayo?" anafunsa Yokoniya atakumana naye.

"Mayi uti, aphunzitsi?" anatero mkulu uja akupukuta thukuta. "M'njirayi muli nokha. Njingayi yangondikhotera, sindikudziwa kuti yatani."

Yokoniya atadzutsa maso, njira inalidi mbee mpaka kupositi.

Mayi Jere tsiku limenelo sanafune n'kuigwira komwe kalatayo. Anangoloza ndi chibwano pakona pa kauntala. "Tengani nokha. Ndipo muwauze abale anuwo kuti azigula sitampa ngati anthu, ine ndikulephera kudya chifukwa cha fungoli."

Kalatayo inati: "Aphunzitsi anga, palupsa paja munandidutsitsa dala. Ndinakulakwirani chiyani? Utsi wa kwathu ndimauona, amayi ndimawamva akusinja. Koma likafika Loweruka anthu amaitana dzina lija mbali zonse, ine n'kutembenuka, njira n'kusowa. Munalumbira."

Apa ndiye kukayika kunamuthera. Za lumbiro lija Binisoni sankazidziwa, ndipo panalibe wamoyo wina amene ankazidziwa. Gawo limene anabwera nalo sanaliponye. Analipinda n'kuliika m'thumba, n'kulunjika kudimba kwa mlamu wake.

Anamupeza Binisoni akuthirira mpiru. Anamupatsa makalata awiri aja. Binisoni anapukuta manja, anawerenga pang'onopang'ono, kenako anakhala pansi pamzere.

"Ndinkaopa kukuuzani," anatero. "Mwezi watha adzukulu anapita kukakumba manda a mwana wa a Chimphepo. Atabwerako anandikokera pambali. Akuti pamanda a mlongo wanga payambira kanjira. Kanjira kopondeka bwino, udzu osamera, kozungulira msitu wonse n'kubwereranso pomwepo. Ndani amayenda kumanda tsiku ndi tsiku, alamu? Inu mumapitako?"

"Sindinapiteko chiikireni."

"Ndiye mwamva."

Yokoniya anavula magalasi. "Ine ndimati ndikumusunga," anatero. "Ndimati bola azikhala pena pake, ndizimumva."

"Mwamusungadi. Ngati mbuzi ya pachingwe."

"Nanga akafika kwawoko, ine nditsala ndi yani?"

"Mutsala nokha, ngati amasiye ena onse," anayankha Binisoni, koma mawu ake sanali aukali. "Zaka khumi ndi zinayi munthu ali panjira, alamu, bondo lake lija mukulidziwa. Mfikitseni. Mukatero tikumeteni."

Zinamutengera masabata atatu. Ankalemba n'kung'amba, kulemba n'kung'amba. Dzanja linkafuna lokha kugwetsa mlatho wina, kubweretsa mvula, kapena mlendo woti amusocheretse. Madzulo aliwonse katundu uja ankatulidwa kuseri kwa khoma, ndipo mpweya uja unkamveka wolemera kuposa dzulo lake. Tsiku lina Yokoniya anayankhula nalo khomalo. Anati, "Nangondo, pepa. Mawa ufika." Kunja kunangoti zii, koma sanamve nsapato ikuchoka.

M'mawa mwake analemba. Analemba kuti Mwatitha anakwera kachitunda, anaona utsi, anamva musi ukugunda mumtondo. Panalibe mtsinje, panalibe minga. Amayi ake anamuonera patali, anataya lichero n'kumuthamangira. Anamutula kamtolo kaja, anamutenthetsera madzi, anamuthowa mapazi, n'kumuyalira mphasa pansi pa mtengo wa mango. Mwatitha anagona. Pansi pake Yokoniya analemba kuti nkhani yathera pamenepa, ndipo inki inafalikira malo awiri chifukwa cha misozi.

Loweruka limene gawolo linatuluka, abale a Nangondo anasonkhana pakhomo pa Binisoni. Panali kamowa pang'ono ndi thobwa. Binisoni yemweyo anagwira lumo, imvi za Yokoniya n'kumagwera pamapewa. Mayi wina wachikulire wa kuchikazi anamuuza kuti amusudzula, tsopano ndi mfulu. Iye anangogwedeza mutu. Ufulu wake unali wotani? Anabwerera kunyumba n'kupeza kuli chete weniweni, kopanda wotula katundu, kopanda mawu m'mutu. Chisoni chimene anachithawa zaka zonsezo chinamupeza chathunthu, moti masiku atatu sanasonkhe moto. Komabe mvula yoyamba itagwa, Binisoni anabwera kudzamuuza kuti pakanjira ka kumanda kaja payamba kumera udzu, ndipo Yokoniya anamwetulira koyamba.

Koma owerenga, abale anga, owerenga! Walira mvula walira matope, koma awa matopewo anawakana. Makalata anachuluka mpaka Mayi Jere anachita kuwalongedza m'thumba la feteleza. Ndipo olemba ake anali omwe aja. Mayi wa ku Mchinji anati: "Tinati afike, sitinati nkhani ithe! Loweruka tizitani ife?" Dalaivala wa lole anati: "Mwamupha mochenjera, mukuganiza kuti sitikudziwa tanthauzo la kugona kumeneko? Ndinu mfiti." Mphunzitsi wa ku Kasungu analemba masamba anayi kusonyeza kuti malinga ndi mitsinje imene Mwatitha anawoloka, mudzi umenewo sungakhale wa amayi ake.

Ulendo uno Yokoniya sanatukwane munthu. Analemba yankho limodzi, lofatsa, lopita kwa onse: "Ndinakuyankhani mwachipongwe zaka zambiri, ndikhululukireni. Munkanena zoona kuti wayenda mokwanira. Tsopano mulekeni apume." Anadikira Loweruka, koma yankholo silinatuluke. M'malo mwake panali chidziwitso cha mkonzi chakuti owerenga asade nkhawa, madandaulo awo amveka.

Lachinayi anakwera basi ya ku Blantyre, ndipo Lachisanu m'mawa anali mu ofesi ya a Makhumula. Anali bambo onenepa, oseka bwino, opanda nkhanza pankhope. Anamulandira ndi manja awiri n'kuitanitsa tiyi.

"Achikulire, mwatiika pamoto," anatero mkonziyo. "Nyuzi zikubwerera mitolo yosamasula. Anthu akufuna Mwatitha. Nkhani yake ndi yosavuta, ingomudzutsani. Munene kuti mudziwo unali wolakwika."

"Sindingathe, bwana."

"Ndinadziwa kuti mutero. N'chifukwa chake tapeza wina, mlembi wa m'tauni momwemu, wa dzanja lofulumira. Pepala munasaina chaka choyamba lija likunena kuti nkhaniyo ndi ya nyuzi. Gawo lake lili kale kumakina, lituluka mawa."

Yokoniya anavula chipewa. Mutu wake wometa uja unaonekera, tsitsi litangoyamba kumera. Kenako munthu wamkulu, mphunzitsi wa zaka makumi atatu, anagwada pasimenti. Anafotokoza zonse, za dzina la kutsimba, za lumbiro, za beseni, za kanjira ka kumanda. Anatulutsa makalata awiri aja n'kuwaika pathebulo. A Makhumula anawayang'ana, anakwinya mphuno, n'kuwakankha pang'ono ndi cholembera.

"Dzukani, achikulire, anthu angaone ngati ndakumenyani. Mwatopa, ndipo imfa ya mayi inakupwetekani, ndikumvetsa. Koma iyi ndi nkhani chabe."

"Tengani nkhaniyo," anatero Yokoniya akadali chogwada. "Tengani ulendo, kamtolo, mitsinje, zonse. Dzina lokha ndibwezereni. Mumutche Esinta, mumutche Loveness, aliyense. Dzina lokhalo, bwana."

A Makhumula anapukusa mutu mwachisoni ndithu. "Dzinalo ndiye anthu akulifuna, achikulire. Tikasintha atiotchera ofesi. Imwani tiyi wanuyo asanazizire."

Loweruka m'mawa anali padepoti ya Wenela kudikira basi yobwerera. Ogulitsa nyuzi anali kale pakati pa mabasi akukuwa, "Wadzuka! Mwatitha wadzuka! Gulani mumve nokha!" Anthu ankathamangira, ena kutambasula manja pamazenera. Yokoniya sanagule. Anakwera, anakhala kumpando wa pazenera, n'kutsitsa chipewa kumaso.

Koma m'basi muthawira kuti? Pambali pake panakhala mayi wina wansangala, dengu la tomato lili pamiyendo, nyuzi m'manja. Basi isanafike n'komwe ku Lunzu anthu anayamba kumupempha kuti awerenge mokweza, poti ena analibe magalasi, ena sukulu inawadutsa. Mayiyo anakonza pakhosi n'kuyamba.

Mlembi watsopanoyo anali ndi dzanja lofulumiradi. Analemba kuti Mwatitha anadzidzimuka kutulo, n'kuzindikira kuti nkhalamba imene inamuthowa mapazi sinali amayi ake, inali mfiti yofuna kumusunga. Amayi ake enieni anapita ku Joni kalekale. Choncho Mwatitha anasenza kamtolo kake, anathamanga, ee, anathamanga ndi bondo lija, n'kulunjika njira ya ku Mwanza.

M'basi munali nthungululu. Wina anaomba m'manja, wina anati, "Ndinanena ine kuti mudzi uja ngokayikitsa!" Dzinalo linkadumpha kuchoka pakamwa pena kupita pena, kutsogolo, kumbuyo, mpaka kondakitala yemwe. Yokoniya anatseka makutu ndi manja, koma linkalowabe. Kenako anamva fungo, lija la dothi lofukula kumene, ngakhale mazenera anali otsegula ndipo kunja kunali dzuwa. Khanda lina kumbuyo linayamba kulira mosatonthozeka.

Atangowoloka mlatho wa Zalewa, pamphambano ya ku Mwanza, dalaivala anaponda mabuleki mwadzidzidzi. Anthu anagundana mitu, tomato anamwazika pansi.

"Mayi ameneyu afuna kundimangitsa!" anakuwa dalaivala.

"Mayi uti?" anafunsa kondakitala.

"Wadutsa apayu! Wotsimphinayu, nsapato phazi limodzi! Sunamuone?"

Kondakitala anatsika, anasuzumira pansi pa basi, anazungulira mbali zonse. Panalibe munthu. Apolisi a pamenepo nawonso anati sanaone aliyense akudutsa. Anthu anayamba kumuseka dalaivala kuti anagona mochedwa, ndipo basi inanyamukanso. Yokoniya yekha ndi amene anatembenuka kuyang'ana msewu wa ku Mwanza, wautali, wotentha, wopita kumalire. Kale, ngakhale ankamuyendetsa, ankadziwa pamene ali sabata iliyonse, ndipo ankatha kumuikira mthunzi kapena chitsime panjira. Tsopano anali m'manja mwa munthu wosamudziwa, ndipo Yokoniya analibenso cholembera choti amufikire nacho. Misozi inangoyamba kutsika yokha mpaka kunyowetsa kolala ya malaya.

Mayi wa tomato uja, atatolera tomato wake, anamuona.

"Inunso zakukhudzani, bambo? Lirani, si zamanyazi. Ine ndalira m'mawa ndi chimwemwe. Mdala ankalemba kale uja anali wouma mtima, kumugoneka mwana wa eni ake ngati nkhuku yachitopa. Watsopanoyu walonjeza pansipa kuti Mwatitha ayenda mpaka zidzukulu zathu zidzawerenge."

"Ndi mkazi wanga," anatero Yokoniya. "Watopa. Chonde, mayi, musamutchule."

Mayiyo anaseka mpaka kumumenya paphewa. "Aa, azibambo nonse mumatero! Ngakhale amuna anga kunyumba amati ndi mkazi wawo." Anatambasulanso nyuzi ija, n'kutembenukira kwa anthu. "Tipitirize, abale. Paja amene wanyamuka ulendo wa ku Joni ndani?"

Ndipo basi yonse, anthu makumi asanu ndi limodzi, inayankha pamodzi, mokweza, mwachimwemwe.